Mantha abweranso ndipo mankhwala akuoneka ngati akuwonjezera, yankho kwa achimwene a pa Kasungu

Imelo iyi yachokera kwa achimwene ena a pa Kasungu boma, ali ndi kashopu ka Mpamba ndi Airtel Money, dzina andipempha kuti ndisatchule. Inali yaitali ndiye ndangotolamo mfundo zake. Zaka ziwiri zapitazo ankadwala zija zoti mwadzidzidzi mtima umayamba kuthamanga, kubanika, manja dzanzi, thukuta kuti chonchololo, munthu n'kumaona kuti basi ndikufa pompano. Kuchipatala anawayeza BP, shuga, malungo zonse zili bwinobwino, kenako anamwino a matenda a maganizo anawalembera fluoxetine. Anamwa miyezi inayi, anapeza bwino, anasiya okha. Mwezi wathawu zinawagwiranso ali mu minibasi kuchokera ku Chinkhoma mpaka anatsikira panjira. Abwerera kuchipatala, ayambanso makapisozi aja, ali pa tsiku la 10 ndipo akulemba kuti, "Ndikumva kuipa kuposa ndisanayambe, tulo kulibe, m'thupi muli njenjenje. Kodi mankhwalawa anasiya kundigwira? Ndisiye? Mnzanga akuti andipezera diazepam, kunyumba akuti ndipite kumapemphero. Kapena ndikupenga?"

Achimwene simukupenga, tiyambire pamenepo. Mantha ogwira mwadzidzidzi awa sapengetsa munthu olo atabwera kangati, ndipo maganizo oti ndikupenga kapena ndikufa ndi mbali ya matenda omwewo, amabwera limodzi ndi kubanikako.

Tsopano za tsiku la 10 lanulo. Fluoxetine ali m'gulu la mankhwala amene amatchedwa SSRI, amagwira ntchito pa serotonin, amene amathandiza kunyamula mauthenga mu ubongo, ndipo khalidwe lake lodziwika ndi loti zovuta zake zimafika msanga pomwe phindu lake limachedwa. Sabata yoyamba ndi yachiwiri anthu ambiri amamva nseru, mutu, kusowa tulo, kunjenjemera ndi nkhawa yokwera kuposa kale, ndipo anthu a mantha ngati anuwa ndi amene amazimva kwambiri chifukwa thupi mumakhala mukulimvetsera nthawi zonse, mtima ukangodumpha kamodzi inu mwamva kale. Kusintha kwabwino kumayamba kuoneka pakati pa masabata 2 ndi 4, ndipo kuti munthu anene kuti mankhwalawa akugwira kapena ayi pamafunika masabata 6 mpaka 8, ena mpaka 12. Ndiye pa tsiku la 10 mlandu sunafike poweruza, zimene mukumvazo ndi chiyambi chabe.

Koma sindikunena kuti mungolimba mtima n'kukhala phee kunyumba ayi. Pitani kwa amene anakulemberani, musadikire tsiku limene analemba m'buku la kuchipatala lija. Kwa munthu wa mantha nthawi zambiri amayambitsa ndi mlingo wochepa, 10 mg, n'kudzakweza kufika 20 mg pakatha sabata kapena kuposerapo, pofuna kuchepetsa njenjenje yomweyi. Ngati inu munayambira pa kapisozi ya 20 mg muwauze momwe mukumvera, iwo ndi amene aone ngati n'koyenera kutsitsa kaye, musatsegule kapisozi n'kumagawa nokha pa tebulo. Chinanso chaching'ono koma chimathandiza, ngati mumamwa usiku funsani zosinthira m'mamawa mutadya kaphala kapena tiyi ndi mbatata, chifukwa fluoxetine amatha kuthawitsa tulo komanso m'mimba mopanda kanthu nseru imakula.

Pali zina zimene sizodikira olo tsiku limodzi. Mukayamba kuganiza zodzipha kapena zodzivulaza, ndipo izi zimatha kuchitika masabata oyambirira makamaka kwa amene sanakwane zaka 25, uzani munthu tsiku lomwelo, mankhwala a m'munda ndi mapilisi onse a m'nyumba apatseni alamu, akazi anuwo, kapena m'bale wina asunge, mupite kuchipatala. Chimodzimodzi ngati mukulephereratu kukhala pansi, kapena mwatha masiku osagona koma mphamvu zili tho, mukuyankhula kwambiri ndi kumwaza ndalama, kapena thupi latuluka zidzolo, nkhope yatupa. Ndipo kupweteka kwa pachifuwa kumene kumabwera mukamakwera chitunda kapena kunyamula katundu, kufalikira kumkono kapena kuchibwano, kapena kukomoka kwenikweni, izo musazitche mantha, akakuoneni.

Funso loti zabwereranji. Ambiri amachita zimene munachitazo, munthu ukapeza bwino umaona ngati kumwabe mankhwala n'kudziitanira matenda, komanso pamzere paja pa chipatala sipokoma ndipo shopu imakhala yotseka m'mawa wonse. Koma malangizo ndi oti munthu apitirize kwa miyezi yosachepera 6 kuchokera pamene wapeza bwino, ambiri amauzidwa chaka, ndipo posiya amatsitsa pang'onopang'ono mogwirizana ndi adokotala. Inu a ku Kasungu mukudziwa zimene zimachitika mukatsitsa fodya m'chigafa tsamba litauma koma msempha wapakati ukadali wauwisi, pamaso amaoneka kuti watheka, mukadinda belo amakachita chuku. Miyezi inayi ija inali choncho. Ndipo olo amene anamaliza bwinobwino ena zimawabwererabe pakagwa maliro, ngongole ikathina, kapena popanda chifukwa chooneka, matendawa amatero. Sikuti mwabwerera pa ziro, ulendo woyamba munkaganiza kuti ndi mtima, pano mukudziwa dzina lake ndipo mukudziwa kuti mankhwala omwewa anakuthandizanipo, chimene chili chizindikiro chabwino kuti atha kuthandizanso.

Za diazepam wa mnzanuyo ndikana, ndipo ndikana mwamphamvu. Amagwiradi, pasanathe ola thupi limakhala myaa, n'chifukwa chake anthu amamukonda. Vuto ndi loti thupi limamuzolowera msanga, piritsi limodzi limasiya kukwana, ndipo malangizo amati asapitirire masabata 2 mpaka 4. Munthu amene wamwa nthawi yaitali akasiya mwadzidzidzi nkhawa imabwera yoposa yoyamba ija, ena mpaka kugwa khunyu. Mukaphatikiza ndi mowa amatha kufooketsa kupuma. Koma chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ine ndi china, mukameza piritsi nthawi iliyonse mantha akayamba, mutu umaphunzira kuti ndapulumuka chifukwa cha piritsi, pomwe mantha aja akanatha okha. Kenako simungakwere minibasi opanda kapepala ka mapilisi m'thumba la shati. Ngati anamwino atakulemberani okha wa masiku ochepa kuti muwoloke sabata zoyambazi, imeneyo ndi nkhani ina chifukwa pali wina akuwerenga mapilisiwo ndi kukuuzani tsiku losiya, osati zogula mwamseri.

Poti tili pa mankhwala, tikudziwa tonse kuti nthawi zina umafika pawindo n'kuuzidwa kuti atha. Muzipita kukatenga ena kukadali sabata kuti anu athe, ndipo akakhala kuti kulibe tengani buku lanu mukagule ku famase omwewo, mlingo womwewo. Fluoxetine amakhalitsa m'thupi ndiye kuiwala tsiku limodzi si ngozi, mawa lake mungomwa mwachizolowezi osaphatikiza awiri. Mwina angakuuzeni za amitriptyline amene amapezeka kwambiri m'zipatala zathu, amagonetsa, amaumitsa m'kamwa, amamwedwa usiku, koma kusintha kumeneko apange ndi adokotala akudziwa kuti mumamwa fluoxetine, chifukwa awiriwa akakumana amitriptyline amachuluka m'magazi, ndipo akachuluka ndi woopsa kumtima, ana asamufikire.

Tibwerere mu minibasi muja chifukwa mankhwala okha samaliza nkhani. Mwakhala mpando wakumbuyo, anayi pampando wa atatu, thumba la chimanga pamiyendo, mawindo otseka chifukwa cha fumbi, kondakitala watsamira chitseko. Mtima wagunda kawiri mwamphamvu, mutu wati zayambika. Thupi limatulutsa adrenaline, amene amathamangitsa mtima, ngati mwakumana ndi njoka, mumayamba kupuma mothamanga osadziwa, ndipo kupuma kothamangako kumachotsa mpweya wa carbon dioxide wambiri m'magazi, ndiye pamabwera chizungulire ndi dzanzi m'zala ndi m'milomo. Inu mukamva dzanzilo mumati sitiroko, mantha amakwera, kupuma kumathamanganso. Mpweya simukusowa ngakhale mukumva kubanika, mukuchita kupuma wopitirira muyezo. Zimafika pachimake mkati mwa mphindi 10 ndipo nthawi zambiri pofika mphindi 20 kapena 30 zimakhala zatsika, kungotsala kutopa. Chochita ndi kukoka mpweya ndi mphuno kuwerenga mpaka 4, kutulutsa pang'onopang'ono ndi pakamwa mpaka 6, dzanja pamimba kuti mimba ndiyo izikwera osati mapewa, maso kunja kuwerenga njinga za kabaza kapena kuwerenga zolemba pa magolosale. Muziyeserera kunyumba muli bwinobwino kawiri patsiku, pakati pa mantha si pophunzirira.

Ndipo chovuta kwambiri, musatsike. Mukatsika mtima umakhala pansi inde, koma mutu umalemba kuti minibasi ndi yoopsa, mawa mukwera kabaza, mkuja kutchalitchi mukhala pafupi ndi chitseko, kenako kumsika muzituma mwana. Matendawa amakula ndi kuthawa. Yambani ndi ulendo waufupi, mpando wakutsogolo, muli ndi alamu, mubwereze mpaka utayamba kukutopetsani, kenako nokha, kenako mpando wapakati, mpaka tsiku lina ulendo wa Chinkhoma womwewo. Mantha akabwera panjira n'kutha muli momwemo, tsiku limenelo mwaphunzira zambiri kuposa masiku amene sanabwere. Musiyenso zogwira mtsempha pamkono kamphindi kalikonse ndi kukayezetsa BP ku famase tsiku ndi tsiku, kumeneko n'kudyetsa nkhawa. Njira imeneyi ndi mbali ya uphungu wotchedwa CBT, umene umathandiza kwambiri pa matendawa komanso umachepetsa kubwereranso munthu akasiya mankhwala. Funsani anamwino ngati alipo wopereka uphungu pafupi, apo ayi a St John of God ali ku Lilongwe ndi ku Mzuzu. Zoti akakutumizani ku Zomba Mental Hospital chotsani m'mutu, mantha otere amathandizidwa munthu akugona kwawo.

Simunanene zimene mumamwa pashopu koma ndikudziwa moyo wa ma ejenti, tsiku lonse osadya, ma energy drink awiri, khofi, madzulo kabotolo koziziritsa mutu. Caffeine, amene amakhala mu khofi ndi ma energy drink, amathamangitsa mtima ndipo kwa munthu ngati inu amatha kuyambitsa mantha payekha. Mowa umatonthoza usiku koma m'mawa mwake nkhawa imadzuka yokwiya, chamba ndiye musayandikire n'komwe. Idyani masana olo chipisi kapena chinangwa, foni izigona kutali ndi bedi. Muwakumbutsenso akuchipatala ngati anayezapo kuchepa kwa magazi ndi chithokomiro, ndipo muwauze mankhwala ena onse amene mukumwa, kaya ma ARV, kaya kopopera ka asima ka salbutamol kamene nakonso kamathamangitsa mtima, kaya azitsamba.

Kumapemphero pitani, ine sindingakuletseni, kukhala pakati pa anthu amene akukufunirani zabwino kumachiritsa mbali yake. Malire anga ali pa munthu amene angakuuzeni kuti tayani makapisozi kuti muonetse chikhulupiriro, kapena kusala kudya masiku angapo muli pa sabata yachiwiri ya mankhwala, ameneyo mumuyankhe mwaulemu kuti ndamva abusa koma mankhwala ndipitiriza. Alamu muwatenge ulendo wa kuchipatalawu akamve okha kuchokera kwa anamwino, chifukwa kunyumba akamvetsa, nkhani zoti mwalodzedwa ndi anzanu a bizinesi zimachepa. Ndipo poti alamu tawatchula, pali chimene azibambo ambiri amasiyira mankhwalawa mwakachetechete osauza aliyense, fluoxetine amatha kuchepetsa chilakolako kapena kuchedwetsa kumaliza kuchipinda. Zikachitika nenani, anamwino anazimvapo kambirimbiri ndipo pali zimene angasinthe.

Musanapite lembani pakapepala tsiku limene munayamba, mlingo, nthawi imene mumamwa, maola amene mukugona, ndi kuti mantha akugwirani kangati sabata ino, chifukwa m'chipinda muja munthu umangoti ndikumva kuipa basi n'kuiwala zonse. Mupitirize kulemba mzere umodzi madzulo alionse m'kope lomwe mumalembamo za float lija, kumapeto kwake, ndipo mupemphe tsiku lobwereranso pa sabata ya 4 kuti mukaone limodzi ngati manambala akutsika. Mundilemberenso mukachokako mundiuze zimene anena pa za 10 mg zija.