Mwana akamaliza ntchito msanga m'kalasi, timudumphitse?

"Aphungu, ndili ndi mwana wamkazi wa zaka 9 yemwe ali mu Sitandade 4. Chiyambireni sukulu amakhala nambala wani. Aphunzitsi akalemba masamu pabolodi iye amamaliza anzake asanafike n'pakati pomwe, kenako amayamba kulongolola. Pano anamupatsa ntchito yolemba mayina a olongolola ndi kuchonga makope a anzake, ndipo masiku ena amakana kudzuka, akuti sukulu ikumubowa. Bambo ake akuti timudumphitse apite mu Sitandade 6, alamu anga akuti timulipirire patitaimu. Nditani?" Watero mayi wina wa ku Dowa.

Mayi, ndiyambe ndi maganizo a bambo akunyumbawo, chifukwa ndi amene makolo ambiri amathamangira. Mwana wanu akalowa mu Sitandade 6 lero, adzalemba mayeso a MANEB a Sitandade 8 ali ndi zaka 11, ndipo akasankhidwa ku sekondale yogonera komweko adzanyamula thumba lake ali ndi zaka 12, kukagona chipinda chimodzi ndi atsikana otha msinkhu. Mutu ungathe kupirira, koma mtima ndi thupi zimakula pa nthawi yake. Onjezani apo kuti kalasi imene akufuna kumulumphitsayo, Sitandade 5, ndi pamene m'sukulu zambiri za boma maphunziro amatembenukira ku Chingerezi. Sindikunena kuti kudumphitsa n'kolakwika nthawi zonse. Alipo ana amene zimawayendera, koma zimenezo azigamule ndi mphunzitsi wamkulu pamodzi ndi a PEA (mlangizi wa sukulu za pulayimale) a m'zoni yanu atamuyesa mwanayo pa maphunziro onse, osati pa masamu okha.

Za patitaimu sinditaya nazo nthawi. Kumeneko amabwereza zomwe aphunzira m'mawa, ndiye mwana amene watopa kale ndi kubwereza mukamulipirira kuti akabwerezenso.

Chimene chikusowa kwa mwanayu ndi ntchito yoti imuvute. Chiyambireni sanakumanepo ndi funso loti n'kugona nalo, ndipo ngozi yake ili pomwepo. Ana otere ndawaona akufika Fomu 3, n'kukumana koyamba ndi samu yokana, n'kungogwa mphwayi, poti sanaphunzirepo kulimbana ndi chinthu. Choncho m'malo momupititsa kutsogolo mwaliwiro, mulowetseni pansi pa zomwe akuphunzira kale.

Ndipereke chitsanzo. Anzake akamaphatikiza manambala, iye mufunseni kuti: m'khola muli mbuzi ndi nkhuku, mitu yonse ndi 20, miyendo ndi 56, kodi mbuzi zilipo zingati? Kapena: pa chinkhoswe pakumana anthu 10, aliyense wapatsana moni wa m'manja ndi mnzake kamodzi, manja agwirana kangati? Mafunso awa safuna masamu a ku sekondale. Amafuna kuganiza basi. Pali nkhani imene imakambidwa ya Carl Friedrich Gauss, katswiri wa masamu wa ku Germany amene anabadwa mu 1777, yakuti ali mwana mphunzitsi anauza kalasi kuti iphatikize manambala onse kuyambira 1 mpaka 100. Iye anaona kuti 1 ndi 100 zimapanga 101, 2 ndi 99 chimodzimodzi, ndipo magulu otere alipo 50, n'kupereka 5,050 nthawi yomweyo. Mpatseni mwana wanu samu imeneyi koma njira yachiduleyo musamuuze. Akapeza yankho pophatikiza imodziimodzi, mufunseni ngati palibe njira ina yaulesi. Akapeza, mufunseni chifukwa chake ikugwira.

Pakhomo panu pali zambiri kuposa mmene mukuganizira. Dulani botolo lapulasitiki, muliike pabwalo, iye aziyeza ndi rula madzi amvula m'mawa uliwonse kuyambira Novembala mpaka Epulo ndi kulemba mu kope lakelake. Pakutha pa dzinja adzakhala ndi manambala oti ajambule nawo galafu ndi kufanizira ndi chaka chamawa. Adzale nyemba m'zitini zinayi, china chamanyowa, china chamchenga, china pamthunzi, china padzuwa, ndipo alembe zomwe akuyembekezera mbewu zisanamere. Ngati muli ndi kageni, musiyireni kope la ndalama Loweruka, awerengere mpamba ndi phindu. Ndipo bawo musamunyoze kuti ndi wa amuna apansi pa mtengo. Wosewera bawo amawerengeratu m'mutu kumene njere yomaliza ikagwere asanagwire n'komwe, ndipo amaphunzira kugonja, zomwe mwana wa nambala wani sazidziwa. Tchesi naye amachita zomwezo ngati alipo woti amuphunzitse.

Mphatso si masamu okha. Ngati agogo ake alipo, mutumeni akawafunse nthano, ndagi ndi miyambi, komanso mmene anapulumukira njala ya 1949 makolo awo kapena ya 2002 iwo eni, azilemba m'Chichewa kenako ayese kuzimasulira m'Chingerezi. Adzaona yekha kuti mawu ngati chinkhoswe kapena kusamala mlendo sawoloka mosavuta, ndipo pamenepo wayamba kuganiza za chilankhulo. Agogo nawo amakondwa, ngakhale nthawi zina amawonjezera mchere.

Mabuku ndiye musachite nawo ulesi. National Library Service ili ndi nthambi m'mizinda ndi m'maboma angapo, ndipo ku TDC (malo amene aphunzitsi amakasulidwirako) ya zoni yanu nthawi zambiri kumakhala kashelefu kamene ana sadziwa n'komwe kuti kalipo. William Kamkwamba wa ku Wimbe, m'boma loyandikana nanu la Kasungu, anapanga makina opukusa magetsi ndi mphepo ali ndi zaka 14 atasiya sukulu chifukwa chosowa fizi, ndipo nzeruyo anaitola m'kalaibulale kakang'ono ka kwawo komweko. Mwanayo azisankha yekha buku, ngakhale looneka lomukulira.

Tsopano za aphunzitsi. Musapite kukakalipa. Boma limafuna kuti mphunzitsi mmodzi azikhala ndi ana 60, koma chiyambireni maphunziro aulere a pulayimale mu 1994 makalasi a ana opitirira 100 si achilendo, ndipo munthu amene ali ndi gulu lotere akapeza mwana wochangamuka amamuona ngati dzanja lachitatu. Komabe ntchito yolemba mayina a olongolola ndiyo muipemphe kuti ithe. Simuphunzitsa kanthu, imangomudanitsa ndi anzake, ndipo iwo adzamudikirira panjira poweruka. Kuthandiza mnzake amene sanamve kulibe vuto kamodzi pakanthawi, chifukwa pofotokoza naye amamvetsa bwino, koma asasanduke mphunzitsi wosalandira malipiro. Pemphani chinthu chimodzi chopepuka: aziloledwa kukhala ndi kope lachiwiri la mafunso ovuta kapena buku loti awerenge akamaliza ntchito. Mafunsowo angathe kumulembera aphunzitsi a Sitandade 7 kamodzi pa sabata. Funsaninso ngati pasukulupo pali kalabu ya zachilengedwe, monga zimene bungwe la WESM limathandiza m'sukulu, kapena ya mtsutso ndi mafunso. Ngati palibe, nkhaniyo itengereni ku msonkhano wa PTA, poti ana otere m'kalasi iliyonse amakhalamo awiri kapena atatu.

Mudzamva ena akukuuzani za Kamuzu Academy ku Mtunthama, imene inatsegulidwa mu 1981 n'cholinga chotenga ana anzeru kwambiri a m'maboma onse. N'zabwino kuidziwa, koma mwana wa zaka 9 musamusenzetse katundu ameneyo. Asewere fulaye ndi anzake, atsuke mbale ngati abale ake onse, ndipo pamaso pa alendo muleke kumutchula kuti "dokotala wathu". Pomuyamikira tchulani zimene wachita, monga kusasiya samu imene inamukana masiku atatu.

Yambani madzulo ano ndi funso la mbuzi ndi nkhuku lija. Akalakwa musamukonze, ingomufunsani kuti awerengenso miyendo. Yankho ndi mbuzi 8 ndi nkhuku 12, koma limenelo ndakuuzani inu, osati iye.