Gemu ya PlayStation ikakana kutseguka, yambani mwaona BIOS

Achimwene ena a ku Kamuzu Road konkuno ku Salima anditumizira imelo. Akuti anaika RetroArch (pulogalamu yoseweretsera magemu akale) pa foni, gemu ya Tekken 3 ali nayo, koma akaidina pamangoda bii, kenako n'kubwerera pomwe anayambira. Akufunsa ngati foni yawo ndi yofooka.

Achimwene, foniyo musaiimbe mlandu. Chikusowa ndi BIOS, kapulogalamu kamene Sony inkaika m'kati mwa makina a PlayStation kuyambira 1994. Ndi kamene kamadzutsa makinawo n'kuwauza kawerengedwe ka disiki ndi memory card. Kaphokoso kaja kankamveka akangoyatsa makina m'mashopu a magemu, ife titapanikizana pabenchi, kankachokera m'menemo. Emulator, pulogalamu yoyendetsa magemu a PlayStation pa foni, imatsanzira makina, koma kapulogalamuka sibwera nako.

Apa ndi pomwe ambiri amasokonekera, chifukwa BIOS imayendera dera. Beetle PSX, imodzi mwa ma emulator a mu RetroArch, imafuna scph5500.bin pa magemu a ku Japan, scph5501.bin pa a ku America, ndi scph5502.bin pa a ku Ulaya. Iliyonse ndi 512 KB basi. Ngati disiki yanu inachokera ku Joni kapena ku UK, ndi ya PAL, mtundu umodzimodzi ndi wa magemu a ku Ulaya, choncho ikufunika 5502 ija.

Mukakhala nayo, ichotseni mu zip, muiike mu foda yotchedwa system, osati momwe muli magemu. Dzina likhale ndendende monga ndalemberamu, zilembo zing'onozing'ono zokhazokha. Kenako mu RetroArch sankhani Beetle PSX, mutsegule Core Information: mukaona Present ndiye kuti zatheka, mukaona Missing bwererani ku foda ija.

Munapemphanso kuti ndikutumizireni faelo. Pepani, sinditero. BIOS ndi katundu wa Sony, ndipo njira yabwino ndi kukopera kuchokera m'makina anuanu. Ndikuchondereninso, musakhulupirire masamba a pa intaneti olonjeza "BIOS yaulere". Ine chaka china bando yanga inathera pomwepo, foni n'kudzaza zotsatsa malonda mpaka ndinachita kufufuta zonse, zithunzi za ana zomwe. Chilichonse chothera ndi .apk kapena .exe si BIOS.

Pakadali pano sankhani PCSX ReARMed, emulator ina ya mu RetroArch momwemo. Imatha kuyendetsa magemu ambiri popanda BIOS yeniyeni, ngakhale ena amavuta, ndiponso siilemetsa foni. Yesani Tekken ija pamenepo, mundiuze ngati yatseguka.