Musanakongole ya kamera, ndionetseni kabuku

"Alangizi, ndili ndi zaka 26, ndimakhala ku Area 25 ku Lilongwe. Ndimajambula zithunzi ndi mavidiyo pa maukwati ndi zinkhoswe, ndimalembera amalonda timawu totsatsira katundu pa Facebook, komanso ndimajambula nkhope za anthu ndi pensulo. Ntchito ndimapeza ndithu, ukwati umodzi ndimatchaja K250,000, koma mwezi ukamatha m'thumba mumakhala mbee. Ndikufuna kukongola K1.5 miliyoni kwa bambo ena a m'dera lathu, chiwongola dzanja 30 peresenti pa mwezi, kuti ndigule kamera yabwino. Kodi ndigule Canon kapena Sony?"

Achimwene, za Canon ndi Sony tiziike kaye pa alumali. Kalata ngati yanuyi ndaiwerenga kambirimbiri, chimasintha ndi malo okha: lero Area 25, mawa Ndirande, mkuja Chibavi. Mwandiuza zaka zanu, mtengo wanu, ngakhale chiwongola dzanja cha wakatapila, koma simunanene kuti pa K250,000 ija mumatsala ndi zingati. Ndikukayika ngati mukudziwa n'komwe.

Tiyeni tiwerengere limodzi, mongoyerekeza. Mnzanu wogwira kamera yachiwiri mumampatsa mwina K40,000. Mayendedwe, kuchoka kunyumba kwa mkwatibwi kupita ku tchalitchi, kukajambulitsa ku maluwa, kenako ku holo, K30,000. Kutsukitsa zithunzi ndi alubamu K60,000. Fulashi yoikamo vidiyo, bandulo yotumizira zithunzi pa WhatsApp, mabatire ndi kachakudya, tiike K25,000. Zatsala K95,000. Tsono inu mumaganiza kuti mwagwira ntchito Loweruka lokha, pomwe Lolemba mpaka Lachisanu muli pa laputopu kusankha zithunzi, kudula vidiyo, kudikira magetsi, ndi kuyankha apongozi a mkwati amene akudandaula kuti sakuoneka bwino pa chithunzi cha keke. Masiku 6 amenewo. Ndiye kuti tsiku limodzi mukulandira pafupifupi K16,000, ndipo kamera sinadyepo kanthu.

Inde, kamera imadya. Iyo imakalamba ndi chithunzi chilichonse chimene mwajambula. Ngati ya K1.5 miliyoni ingakutumikireni maukwati 60 isanayambe kuvuta, ukwati uliwonse uyenera kuisiyira K25,000 pambali. Ndipo musaiwale kuti zida zanu zimabwera ndi dola, pomwe inu mumalipidwa kwacha. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Amasitolo anasintha mitengo ya malenzi ndi mamemori khadi sabata yomweyo, koma ojambula ambiri amene ndimawadziwa anakhalabe ndi mtengo wakale miyezi yambiri, ati kuopa kuthawitsa makasitomala.

Za ngongoleyo sindichedwapo. 30 peresenti ya K1.5 miliyoni ndi K450,000 mwezi uliwonse, ngongole yeniyeniyo musanaikhudze. Pa phindu la K95,000, mukufunika maukwati 5 pa mwezi kuti mungodyetsa bamboyo, pomwe miyezi yambiri imakhala ndi Maloweruka 4 okha. Ikadzagwa mvula ya Januwale anthu n'kuyamba kuganiza za feteleza ndi fizi m'malo mwa ukwati, adzabwera kudzatenga kamerayo pamodzi ndi laputopu imene munagula ndi thukuta lanu. Musapiteko.

Chimene ndikufuna mugule mawa ndi kabuku ka ana asukulu ndi bolopeni. Anthu amandiseka kuti nkhani iliyonse ndimaithera pa kabuku, aseke. Ntchito iliyonse ikhale ndi tsamba lake: tsiku, mtundu wa ntchito, mtengo umene munagwirizana, zimene walipira, zimene zatsala, zimene mwawononga, ndi masiku amene yakutengerani. Mauthenga a Airtel Money kapena Mpamba si kabuku ayi. Mmenemo ndalama ya ukwati imasakanikirana ndi ya ndiwo ndi ya mpira, foni ikabedwa m'minibasi zonse zapita.

Mukalemba miyezi 3 mudzaona zodabwitsa. Inu muli ndi maluso anayi, ndipo ndikukuuziranitu kuti sakukudyetsani mofanana. Mwina timawu ta pa Facebook tija, timene mumationa ngati tongoseweretsa, ndi timene tili ndi phindu loyera, chifukwa satenga mafuta kapena alubamu, ndipo mwini shopu amafuna ena mwezi wamawa. Mwina nkhope ya pensulo imene mumakhalira masiku 4 mukuigulitsa mtengo wa kabaza wa tsiku limodzi. Sindikuti musiye kujambula ndi pensulo, koma mudziwe kuti ndi luso liti likulipira lendi ndi liti likudya lendiyo.

Ndiye pali tsamba lina limene ndikufuna mulilembe mosanama: ntchito za abale. Chinkhoswe cha msuweni, kumanga chiliza cha agogo, kubatizidwa kwa mwana wa alamu, kwaya ya amayi anu ikufuna vidiyo. Onsewa amati "si uli nayo kale kamera, ungobwera nayo". Wophika amalipidwa, wa zokuzira mawu amalipidwa, wa matenti salola ngakhale mpando kutsika m'galimoto asanaone ndalama, koma wojambula ndi mwana wathu. Lembani ntchito zimenezi ndi mtengo wake weniweni, pansi pake mulembe kuti mwalandira ziro. Pakutha pa chaka mudzapeza kuti kamera imene mukufuna kukongolerayo munaipereka kale kwa achibale. Kukaniratu sikutheka, ndikudziwa, nanenso ndili ndi amalume. Koma sankhani ziwiri pa chaka zimene zikhale mphatso yanu, muzinene poyera pa msonkhano wa komiti kuti chopereka chanu ndi chimenecho, asakulembeninso ya nkhuku. Zinazo alipire mayendedwe ndi kutsuka zithunzi ngakhale pang'ono.

Kwa makasitomala enawo, theka la mtengo lizibwera tsiku losungitsa deti, lotsalalo musanapereke zithunzi. Mawu akuti "tikupatsani ikatha perekaniperekani" agwetsa ojambula ambiri, chifukwa ndalama ya m'lichero imakhala ndi eni ake isanawerengedwe. Mgwirizanowo muulembe, ngakhale pa WhatsApp, munenemo kuchuluka kwa zithunzi, utali wa vidiyo, ndi kuti kukonzanso kachiwiri kuli ndi mtengo wake.

Ukwati ukafuna kamera yoposa yanuyo, bwerekani kwa mnzanu pa tsiku, mtengo wobwerekerawo muuike pa kasitomala. K25,000 ya kamera ija muziiika pa nambala ina imene simuyendera nayo m'thumba. Mundilemberenso ikatha miyezi 3, mujambule masamba a kabukuko ndi kamera yanu yakaleyo, munditumizire. Za Canon ndi Sony tidzakambirana titawaona.