Kodi agogo ankaonera kuti kanema ku Joni?

Funso: Malemu agogo anga aamuna adapita ku Wenela ali mnyamata, ndipo ankakonda kutisimbira za bayisikopo ya ku Joni. Kodi nyumba za kanema zidayamba liti kumeneko? Nanga iwo ankalowamo? Wowerenga wa ku Ntcheu.

Yankho: Zikomo kwambiri, funso lanuli landikhudza. Anthu a mu Johannesburg adaona koyamba zithunzi zoyenda zoonetsedwa pa chinsalu mu Meyi 1896, mzindawu uli ndi zaka khumi zokha. Adazionetsa ndi Carl Hertz, munthu wochita zamatsenga pa siteji, m'holo ya zisudzo ya Empire. Malondawa adakula m'manja mwa I.W. Schlesinger wochokera ku America, yemwe mu 1913 adasonkhanitsa nyumba zambiri za zisudzo ndi kanema pansi pa kampani imodzi, African Theatres Trust. Nyumba yomwe idatchuka zedi ndi Colosseum mu Commissioner Street, yotsegulidwa mu 1933. Inali ndi mipando yoposa 2,000, denga lake lokonzedwa kuti lizioneka ngati thambo la usiku lodzaza nyenyezi.

Koma agogo anuwo sakadaloledwa kukhala pa mipando imeneyi. Inali ya azungu.

Kanema wa anthu a m'migodi ankawapeza ku komponi komweko. Kuyambira m'ma 1920, mmishonale wa ku America Ray Phillips, mothandizidwa ndi eni migodi, ankayendetsa makanema m'makomponi. Madzulo, anthu atachoka pansi, ankakhala pabwalo n'kumaonera anyamata a pa akavalo ndi zoseketsa. Mafilimuwo ankayamba awapima kaye, kudula zomwe ankati sizoyenera munthu wakuda. Apa ndi pomwe mtima wanga umawawa: amuna aakulu, osiya akazi ndi ana ku Nyasaland, kumasankhiridwa choonera ngati ana, cholinga china n'kukhala choti asamatuluke kupita kutauni. Komabe chisangalalo chomwe agogo ankasimba chinali chenicheni, musachikayikire.

Ngati ankapeza mpata wotuluka pa Sabata, mwina adafikako ku nyumba ya kanema ya Odin ku Sophiatown, dera lina la mu Johannesburg, komwe akuda ankagula tikiti n'kulowa. Holo ya Odin sinkathera pa kanema. Oimba jazi ankaimbamo, ndipo mu 1953 mudachitikira msonkhano waukulu wokana kusamutsidwa kwa anthu a m'deralo. Boma silidamve. Mu Febuluwale 1955 apolisi adayamba kutengera mabanja ku Meadowlands, nyumba zawo n'kugwetsedwa.

Nayo Colosseum idagwetsedwa mu 1985, ngakhale anthu ambiri adadandaula kuti isiyidwe.