Dzino linachoka, koma ululu sukutha

Achimwene, mwati anakuzulani dzino la m'munsi chakumapeto masiku 5 apitawo, koma ululu ukungokulirakulira mpaka kukhutu. Zikumveka ngati dry socket, vuto loti fupa lakhala pamtunda pabowo pomwe panali dzino.

Dzino likazulidwa, magazi amaundana pabowopo n'kuphimba fupa. Magaziwo akachoka msanga, fupa limakhala pamtunda, ndiye madzi ozizira ngakhale mphepo yomwe imabaya. Ululuwo umayamba patatha masiku 2 mpaka 4, mkamwa n'kumanunkha. Chimachotsa magaziwo ndi kusuta fodya, kulavula mwamphamvu, kuchukucha kwambiri mkamwa, kapena kumwa Sobo ndi straw. Osuta fodya ndiwo amavutika nazo kwambiri.

Nthawi zina ndi kachidutswa ka muzu kapena ka fupa kamene katsalira, kapena dzino loyandikana nalo ndilobowoka. Koma tsaya likatupa, pakamatuluka mafinya, thupi likatentha, ndiye kuti palowa majeremusi. Musagone nazo.

Panado amangoziziritsa. Bwererani komwe anakuzulani, kapena pitani ku dental ku Queens akatsukepo ndi kuikapo mankhwala. Podikira, muzivumata madzi ofunda amchere pang'onopang'ono. Aspirin osaika pankhama, amawotcha.