Thumba la maswiti la pa 31 Okutobala

Mayi ena okhala m'komplekisi ina ku Randburg, kuno ku Joni, andilembera imelo sabata ino. Akuti chaka chatha pa Halloween, mwambo wa pa 31 Okutobala, ana awo awiri, wazaka 7 ndi wazaka 3, anayenda khomo ndi khomo ndi anzawo atavala zigoba kumaso, n'kubwera ndi thumba lodzaza maswiti. Wamkuluyo anakhala akunyambita maswitiwo masabata awiri, kenako dzino linayamba kumuwawa. Funso lawo ndi lakuti, "Kodi chaka chino ndingowatsekera m'nyumba?"

Amayi, ine ndingati musawatsekere. Mwambowu kwathu sitinakule nawo, ndipo mabanja ena amaukana chifukwa cha chipembedzo. Mbali imeneyo mukambirane ndi bambo akunyumba. Koma ngati nkhawa yanu ndi shuga yekha, mwana amene waonera pawindo anzake akudutsa ndi tizidebe adzakawapeza maswitiwo kusukulu, n'kudyera kuseri inu osadziwa.

Chimene chimaononga mano kwenikweni si usiku umodzi ayi, ndi masabata awiri ajawo. M'kamwa mwa munthu aliyense muli tizilombo tomwe timadya shuga n'kutulutsa asidi, ndipo asidiyo amafewetsa chikopa cholimba cha dzino. Malovu amafuna pafupifupi theka la ola kuti atsuke asidiyo, dzino liyambenso kulimba. Mwana akadya maswiti asanu nthawi imodzi, mano ake amenyedwa kamodzi. Akamadya imodzi imodzi ola lililonse, kuyambira pochoka kusukulu mpaka pogona, malovuwo sapezanso mpata. N'chifukwa chake ine ndimaopa kwambiri switi yapakamtengo kuposa chokoleti. Chokoleti chimasungunuka n'kupita, pamene switi yapakamtengo imakhala kutsaya nthawi yaitali. Matofi ndi maswiti otafuna a Fizzer nawo amakanirira m'mano am'mbali ngati phula.

Tsikulo muphike msanga. Ana anyamuke atadya nsima ndi ndiwo, chifukwa mwana wanjala amayamba kusenda mapepala asanafike ngakhale pakhomo lachitatu. Muwapatse kachidebe kakang'ono, osati thumba la ku Shoprite, ndipo atenge botolo la madzi. Kumapeto kwa Okutobala kuno ku Joni kumatentha, ndipo akamva ludzu apempha zakumwa zozizira zomwe zilinso ndi shuga wambiri. Boma la South Africa linaika msonkho pa zakumwa zoterezi mu Epulo 2018 chifukwa cha shuga yemweyo.

Akabwerako, khuthulani zonse patebulo. Kwathu kuno mphindi imeneyi ndi imene ana amaikonda kuposa kudya kwenikweniko: kuwerenga, kuunjika zofiira pazokha, kusinthana, kukangana pang'ono. Inu mukhale maso pa mwana wamng'onoyo. Maswiti olimba obulungira, chingamu ndi mtedza wathunthu muzichotse, chifukwa mwana wazaka zitatu angatsamwe nazo. Chilichonse chotseguka kale chipite kubini. Zotsalazo aliyense asankhe zomwe wazikonda adye usiku womwewo, inu osamuwerengera ndi nkhope yamkwiyo. Akatha amwe madzi, papite kanthawi, kenako atsuke mano ndi mankhwala okhala ndi fluoride, yemwe amalimbitsa mano. Alavule thovu koma asachukuche m'kamwa ndi madzi, kuti mankhwalawo atsalire pamano.

Kuyambira mawa lake thumbalo mulisunge ndinu, osati pansi pa pilo wa mwana. Imodzi kapena ziwiri akangomaliza chakudya, pamene malovu ali ambiri m'kamwa, basi. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linalangiza mu 2015 kuti shuga wothira m'zakudya asafike 10 peresenti ya mphamvu zomwe munthu amapeza patsiku, ndipo ndi bwino kwambiri akachepera 5 peresenti. Kwa munthu wamkulu, 5 peresentiyo ndi pafupifupi magalamu 25, kapena masupuni a tiyi asanu ndi imodzi. Kwa mwana mlingowo ndi wocheperanso. Tsono werengani masupuni omwe mumathira m'phala ndi mu tiyi m'mawa, muona kuti masiku amenewo mpoyenera kuchepetsako.

Pakatha sabata, zotsala mupite nazo kuntchito kapena kutchalitchi. Ana amakhala ataiwala kale, ife akuluakulu ndife timayendera kabatiyo usiku.

Za dzino lija, ngati simunapite naye kwa dokotala wa mano, pitani tsikuli lisanafike. Dzino lamkaka likaola musamangoti lidzaguluka lokha, chifukwa ndi limene limasungira malo dzino lachikulu lomwe likubwera pansi pake.