"Awiri katatu": kodi pa windo la mankhwala amatanthauza chiyani?

Funso: Ndinaperekeza amayi anga kuchipatala china kuno ku Mangochi, mutu ukuwapweteka. M'buku lawo adokotala analemba "2 tds 3/7", ndipo pa windo anangoti, "Panado, awiri katatu." Titafika kunyumba ku Namwera, mlongo wanga anati angathe kumwanso atatu kawiri, poti ndi chimodzimodzi. Zoona?

Yankho: Ayi mayi, mlongo wanuyo walakwitsa, ngakhale kuti masamu ake akukwana mapiritsi 6 patsiku. Chinsinsi chili pa kamphatikiri kakang'ono ka "ka-". Mawu akuti "awiri" akuwerenga mapiritsi, n'chifukwa chake akuyamba ndi "a-". Mukanati mibulu, mukananena "iwiri". Koma "katatu" akuwerenga maulendo, monga mmene mumanenera kuti, "Sabata ino ndawoloka mlatho wa Bakili Muluzi katatu." Choncho amayiwo amwe awiri m'mawa, awiri masana, awiri madzulo. Atatu nthawi imodzi achuluka: piritsi lililonse la panado wa akulu limakhala ndi 500 mg, ndipo awiri ndiwo mlingo wa munthu wamkulu pa ulendo umodzi.

Zilembo za m'bukuzo n'zachilatini. "tds" ndi katatu patsiku, "bd" kawiri, "od" kamodzi. "3/7" ndi masiku 3 mwa 7 a sabata.

Pomwe ndimada nkhawa kwambiri ndi pa LA, mankhwala a malungo amene analowa m'malo mwa Fansidar mu 2007. Wamkulu amauzidwa kuti, "Anayi kawiri, masiku atatu." Manambala atatu ondondozana m'chiganizo chimodzi, munthu thupi likutentha, pamzere anthu akukankhana kumbuyo kwake! Mapiritsi onse ndi 24, ndipo ulendo wachiwiri umabwera patatha maola 8 chimwereni oyamba. Gogo amene Chiyao ndicho chinenero chake choyamba angamve "kawiri" ngati "awiri". Ine ndimapempha a pa windo kuti azitchula nthawi yeniyeniyo, "m'mawa" ndi "madzulo", uku akuloza tizithunzi ta dzuwa ndi mwezi pa kapepala ka mankhwalawo. Inunso musachoke pa windo musanabwereze zimene mwamva.

China chaching'ono: m'kalata yanu, pa mbali imene sitinaionetse pamwambapa, munalembanso kuti "adokotala anawalemba mankhwala". Tizinena kuti "anawalembera". Kulemba munthu ndiko kumupatsa ntchito kapena kuika dzina lake m'kaundula. Mankhwala timamulembera.